Thobwa nalonso ndi madzi

Ndikupatsani moni nonse m'dzina la Ambuye Yesu. Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, mundikhululukire. Kuima pamaso pa anthu ine sindinazolowere. Sukulu ndinalekeza Sitandade 5, ndiye ndachita kulemba papepala kuti ndisasokoneze.

Ndine make Tadala, wa kuseri kwa Ligowe. Chaka chatha ndinali munthu wamphamvu. Ndinkalima mbatatesi ndi mimba yanga mpaka mwezi womaliza. Koma tsiku lochira ndinataya magazi ambiri. Mwana anabadwa bwinobwino, ine masiku awiri anatha, pepani ponena m'tchalitchi, osakodza. Miyendo inatupa. Nkhope inatupa. Adokotala a pa boma anati impso zanga zaima. Abale, impso ine ndinkadziwa za mbuzi zokha!

Anatikweza ambulansi wopita ku chipatala chachikulu ku Blantyre, ine, khanda ndi apongozi anga. Amayi anga anamwalira kale, ndiye apongoziwo ndi amene anali gadiyani wanga.

Kumeneko ndinaona chinthu chimene mpaka lero ndikachiganiza thupi limachita tsembwe. Anandiika kapaipi pakhosi. Magazi anga, angaanga, ankatuluka ndikuwaona, n'kulowa m'makina, n'kubwereranso m'thupi atasefedwa. Munthu magazi ali panja, koma ali moyo, akuphethira! Ndinati mumtima, Mulungu, nzeru zimenezi munapatsa ndani?

Amene ankandisamala anali anesi ena aafupi, a ku mpoto, tinkangoti a Sisitala. Ndikafika ku makina ankandikweza pasikelo, ndikamatuluka pasikelonso. Ankatenga magazi pang'ono ndisanalowe pa makina, n'kutenganso ndikatsika. Anandilangiza kuti, "Make mwana, impso zanu sizikutulutsa madzi. Musamamwe madzi opitirira kabotolo aka patsiku. Ndipo pa makina muzitha maola anayi athunthu."

Ndinavomera. Madzi ndinawaopadi, ngakhale kabotoloko sindinkamaliza.

Koma amayi muli muno mukudziwa mwambo wathu. Mayi woyamwitsa amamwa thobwa kuti mkaka utuluke. Apongozi ankaphika thobwa kukhitchini ya magadiyani, n'kubwera nalo m'chigubu m'mawa, masana ndi madzulo. Ankati, "Imwani mayi, mdzukulu wanga asafe ndi njala." Ndiye ine ndikane chopatsa apongozi? Ndinkalandira ndi manja awiri, n'kumwa mpaka pansi. Mumtima ndinkati ili si madzi, ndi thobwa.

Maola anayi aja nawonso ndinkawaba. Mwana akalira pakhonde, mawere ankandiwawa, ndinkayamba kulira kuti andichotse. Kawiri konse ndinakakamira mpaka ananditsitsa nthawi isanakwane.

Lachisanu lina m'mawa mpweya unandithera. Kugona chagada osatheka. Kukhala tsonga osatheka. Pachifuwa pankangomveka kuti fwoo, fwoo, ngati munthu akumira, koma ndili pabedi pouma. Ndinagwira chitenje cha apongozi n'kunena kuti, "Amayi, Tadala mumulere." Mwana wa masabata atatu, abale anga. Sanali kundidziwa n'komwe nkhope. Ndinati basi, adzangomva kwa anthu kuti unali ndi mayi.

Anathamangira nane ku makina. Tsiku limenelo ndinatha maola onse, mphamvu zokanira ndinalibe. Ndipo taonani zodabwitsa! Pamene makina ankachotsa madzi, chifuwa chinkamasuka pang'onopang'ono, ngati munthu akukutula mtolo wa nkhuni. Pofika masana ndinkapuma ndekha.

A Sisitala anakoka mpando n'kukhala pafupi nane, faelo ili m'manja.

"Make mwana, Lachiwiri munatuluka muno muli ndi makilo 52. Lero mwabwera ndi 56. Makilo anayiwa mwawatenga kuti?"

Ndinayang'ana pansi. "Kaya."

"Lita imodzi ya madzi imalemera kilo imodzi. Mwamwa madzi ochuluka bwanji?"

"A Sisitala, Mulungu akundiona, madzi sindinamwe."

Sanandikalipire. Anangofunsa kuti, "Nanga chimene mwamwa n'chiyani?"

Ndinayankha motsitsa mawu, "Thobwa basi."

Anagwira pakamwa. "Mayo ine! Ndalakwa ndine, ndinangoti madzi. Thobwa ndi madzi, mwana wanga. Tiyi ndi madzi. Phala lamadzimadzi, msuzi wa ndiwo, zonsezo sikelo imaziona."

Ndinachita mantha, komanso ndinadabwa. Zimene ndinkamwera kuseri kwa katani, chitsulo chopondapo chinazidziwa!

Kenako anandionetsa manambala awiri a magazi aja. Anati yoyamba ikuonetsa zoipa zimene zili m'magazi ndisanalowe, yachiwiri zimene zatsala ndikatsika. Pa magawo khumi, pafupifupi asanu ndi awiri amayenera kuchoka. Masiku amene ndinatsika msanga, ngakhale theka silinachoke. Anandifunsa kuti, "Thewera la Tadala mumaliyanika thovu lisanathe?" Ndinati ayi, lingamutupitse mwana. Anati, "Ndiye magazi anu mukuwayanikiranji asanayere?"

Anaitanitsa apongozi. Ine ndinati lero banja latha. Koma a Sisitala anawapatsa moni mwaulemu, anawayamika kuti mwana akumusamala bwino, kenako n'kuwafotokozera zonse. Apongozi anaika manja m'masaya. Atatero anati, "Kodi eti? Ine ndimati ndikudyetsa mdzukulu, pamene ndikumiza make!" A Sisitala anatenga kabotolo kaja n'kuwapatsa m'manja. "Agogo, kuyambira lero apolisi a botolo ndi inu."

Abale, apolisi ake ankhanza! Ndikati ludzu, ankangondinyowetsa milomo ndi kansalu. Tsiku la makina ndinkafinyiratu mkaka m'kapu, iwo n'kupita ndi mwana kutali pansi pa mtengo kuti ndisamumve. Maola anayi ndinkawatha. Sikelo inasiya kulumpha. Tsiku lina a Sisitala anabwera ndi pepala akumwetulira, anati, "Lero ndiye mwatsukika."

Sabata yachisanu ndi chimodzi, masana, ndinamva chinthu chimene ndinali nditaiwala. Ndinapempha chibekete chopimira. Mkodzo unatuluka wokwana theka la kapu. Apongozi anaunyamula ngati chopereka, kudutsa nawo m'wodi monse akululutira. Anthu ankati kwabadwa mwana. Mawa lake inakwana kapu, mkuja wake botolo. Impso zimene zinaima, Mulungu anazidzutsa! Aleluya!

Tsiku londichotsa kapaipi, a Sisitala anati, "Ndimakukondani, koma pabedi langali musadzabwerenso." Si onse amene amauzidwa mawu amenewo. Ndinasiya anzanga amene impso zawo sizidzadzukanso, moyo wawo uli pa makina sabata ndi sabata. Ine sindinawapose chilichonse. Muziwapempherera, pamodzi ndi anesi amene amakhala nawo maola onse aja.

Pano ndili kunyumba. Magazi ndimakayezetsa pa boma tsiku limene andilembera, mchere ndimathira pang'ono, mankhwala ogula pagolosale sindimwa ndisanafunse. Khasu ndayambanso kugwira, ngakhale ndimatopa msanga. Ndikuthokoza apongozi anga, ali apo avala mpango wobiriwirawo, musabise nkhope amayi. Ndikuthokoza bambo a Tadala, ndi inu amayi a chigwirizano amene munatipalirira munda.

Lachitatu lapitali ndinkasankha nyemba pakhonde. Tadala anasiya chitseko chimene anagwira, anaponya phazi, linanso, linanso, n'kugwera pamiyendo panga. Womuwakha ndinali ine, mayi ake.

Ambuye alemekezeke. Amen.