Nyumba Yodikira Kugwetsedwa

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga nonse amene mukuwerenga mawu ano. Ine ndine Nambewe wa ku Vubwi. Ndikufuna kukuuzani za mlungu umene ndinazungulira midzi ya ku Katete kufuna nyumba yogonekamo amuna anga odwala, anthu n'kumandikana khomo ndi khomo. Papita zaka zambiri, koma ndikaukumbukira mlungu umenewo mapazi amandiwawabe.

Inali nthawi ya Chitaganya, msewu waukulu wa ku Lusaka ukadali wafumbi. Amuna anga aMwale anabwerako ku migodi ya kumwera ndi sutikesi, jekete ndi chifuwa. Jekete tinagulitsa, sutikesi inadyedwa ndi chiswe, chifuwa ndiye chinakhazikika. Tsiku limene ndinaona magazi pakansalu kawo, tinasiya ana kwa mkulu wanga n'kukwera lole ya fodya mpaka ku chipatala cha mishoni ku Katete. Anagonekedwa miyezi itatu. Ine ndinkagona ndi amayi anzanga m'chisakasa cha odikirira odwala, chopanda zipupa, mphepo ikungodutsa ngati pabwalo.

Lolemba lina, mvula ili pafupi kuyamba, wothandizira adokotala anandiitana. Anati aMwale apezako bwino, Loweruka atuluka kuti bedi lawo agonepo ena odwalitsitsa. Koma azibwera kudzabayitsa jekeseni Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse mpaka nthawi yokolola, ndipo azigona pouma. Akadumphitsa, chifuwa chidzabwerera, ndipo chikabwerera sichimvanso mankhwala. Kwathu ndi ulendo wa masiku atatu wapansi. Choncho nkhani inali yosavuta kumva: ndikapeza nyumba pafupi ndi chipatala amuna anga achira, ndikalephera ndikupita nawo kumudzi kukawaika m'manda.

Ndinanyamuka Lachiwiri m'mawa ndili ndi mtima wonse, timakobiri tanga nditamanga pamsonga ya chitenje. M'mudzi woyamba anandilandira bwino, anandipatsa mphasa ndi madzi akumwa. Nditanena kuti ndikufuna nyumba ya lendi anaseka, nati kumeneko si ku tauni ya Fort Jameson, m'mudzi mlendo amangopatsidwa pogona. Anandionetsa nyumba ya mwana wawo amene anali ku ntchito kutali, yofolera bwino, chitseko cha matabwa. Ndinali nditayamba kale kuthokoza pamene mayi wa pakhomopo anafunsa kuti nanga bambo ali kuti. Ndinawauza zoona, ndipo nkhope zonse zinagwa.

"Amayi, musatione kuipa mtima," anatero. "Bambowo akatisiyira m'menemo, nyumba tigwetsa. Nanga mwana wathu akabwera adzalowa kuti?"

Mwambowo ndinkaudziwa, chifukwa ndi wathu womwe. Nyumba imene mwafera munthu wamkulu saikhalanso. Amaitseka, kenako n'kuigwetsa. Ine ndemwe ndinaonerera akugwetsa nyumba ya malume anga atamwalira, osaganiza kuti tsiku lina mwambo womwewo udzanditsekereza panja. Ndinangotsazika.

Mudzi wachiwiri, chimodzimodzi. Wachitatu, sanandipatse n'komwe mphasa. Mbiri inkathamanga kuposa ine, imadutsira kuchitsime, ndikamafika anthu adziwa kale kuti akubwera mayi wa mwamuna wachifuwa uja. Ndinkayenda ndikuyang'ana kumwamba, mitambo ikusonkhana chakum'mawa, ndikuwerenga masiku pa zala. Kukhala pansi sindinkatha, kudya sindinkatha. Nyumba iliyonse yopanda utsi imene ndinkaiona patali, miyendo inkangondipititsa komweko yokha.

Lachitatu ndinachita chinthu chochititsa manyazi, ndipo sindibisa. Ndinanama. M'mudzi wina wakutaliko ndinati amuna anga ali ndi chilonda cha pamwendo basi. Eni mudzi anatsala pang'ono kuvomera, koma panatulukira mayi wina wogulitsa nthochi pachipata cha chipatala, n'kundipatsa moni wa dzina, n'kufunsa ngati bambo asiya kulavula magazi. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ndinachoka pamenepo ndili Mkhristu wabodza, komanso wopanda nyumba.

Lachinayi ndinati basi, ndipite kwa anthu a Mulungu, amene saopa za akufa. Anandilozera kwa mkulu wa mpingo wina amene anali ndi kanyumba kosungiramo mtedza. Anandimvetsera mofatsa, maso ali pansi, kenako anati iye saopa kanthu, koma pamudzipo ndi mkamwini chabe, ndipo abale a mkazi wake sangalole. Apa ndiye mtima unandikwera. Ine pakamwa panga sipachedwa, amene amandidziwa akudziwa. Ndinamufunsa ngati Baibulo lake amalisungira kukulungira fodya. Ndinanenanso zina zimene sindingalembe pano. Akuluakulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, koma tsiku limenelo ine ndinasiya mlomo wonse. Chonsecho munthuyo ankanena zoona, mkamwini alibe mawu pa nyumba za eni mudzi.

Madzulo alionse ndinkapita kukaona aMwale, ndikumawauza kuti zikuyenda, mawa zitheka. Lachinayi limenelo ndinawapeza atapinda kale bulangeti lawo. Anandiyang'ana mapazi, osati kumaso.

"Nambewe, lekani kudzivuta," anatero. "Tiyeni tizipita kwathu, ndikafere pakati pa anthu anga."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa kukanidwa konse kuja. Ndinawakalipira kuti asandilankhule zopusa, koma ndikutuluka m'chipindamo misozi inali mbwembwembwe. Ndinakwiyira anthu a ku Katete, ndinakwiyira migodi, ndipo kunena zoona ndinakwiyiranso Mulungu.

Lachisanu midzi yapafupi inali itatha. Ndinangoyenda osadziwa kumene ndikupita, mpaka ndinatsikira kudambo lalikulu kumene kuli dziwe losaphwa, limene anthu amatcherako miono. Kunkagunda chapatali. Ndinakhala pachulu, n'kuviika mapazi ong'ambika m'madzi, n'kupemphera. Silinali pemphero lokongola lonena m'tchalitchi. Ndinati, Inu Mulungu, mbuzi zili ndi khola, nkhunda zili ndi khola, Mwana wanu yemwe munamupezera khola. Nanga aMwale analakwa chiyani? Ndipatseni chilichonse chokhala ndi denga, sindisankha.

Ndisanapukute n'komwe kumaso, bango linagwedezeka, panatuluka bambo wachikulire atasenza mono, buluku atapinda mpaka m'maondo. Ndinamuzindikira. Anali aSakala, amene ankagulitsa nsomba pachipata cha chipatala. Amayi anzanga anali atandinong'oneza kuti ameneyo ndi woimba ng'oma za gule, ndipo ine, Mkhristu wa ine, miyezi itatu yonse sindinagulepo nsomba yake ngakhale imodzi.

"Inu si amayi aja muzungulira kufuna nyumba?" anafunsa. "Mbiri yanu yafika kale kwathu. Akuti dzulo mwamuphunzitsa Baibulo mkulu wa mpingo."

Ndinangowerama. Iye anaseka, n'kutula mono pansi.

"Nyumba ilipo, amayi. Koma mwina ndinu amene muikane."

Anafotokoza kuti mlongo wake anamwalira miyezi iwiri yapitayo. Nyumba ya malemuwo anaitseka, ikudikira mowa wa bona, wokumbukira womwalirayo, umene sakanaphika mpaka atakolola chifukwa nkhokwe zinali zitapepuka. Tsiku la mowawo ndi limene adzaigwetse. Denga linali latsopano, malemuwo anafoleretsa asanadwale.

"Ena aja aopa kuti bambo akafera m'nyumba mwawo igwetsedwa," anatero. "Iyi igwetsedwa ndithu, kaya bambo afa kaya achira. Nyumba saigwetsa kawiri."

Abale anga, ndinachita mantha. Ine amene ndinatha masiku anayi ndikunyoza anthu chifukwa choopa imfa, tsopano ndinali kunjenjemera kumva za kugona m'nyumba ya wakufa. Komanso ndinaganiza kuti kulowetsa wodwala m'nyumba yotere si kumuitanira maliro kodi? Ndinayamba kutafuna mawu. ASakala anandiyang'ana cham'mbali.

"Nanga si inu opemphera mumati akufa alibe mphamvu? Kapena mumangonena Lamulungu lokha?"

Ndinachita manyazi kwambiri. Munthu wa gule anali kundikumbutsa chikhulupiriro changa, ndipo mawu anga oti sindisankha anali asanaume pakamwa. Ndinadzuka n'kumutsata.

Mudzi wake unali pamtunda pa dambolo, ulendo woti ngakhale wodwala angafike kuchipatala atapumira m'njira. Nyumbayo inali kumapeto, chitseko chomanga ndi luzi, patsogolo ataikapo nthambi zaminga. Ana a malemuwo, amayi awiri, anabwera akung'ung'udza kuti amayi awo akwiya. ASakala, monga mwini mbumba, anawayankha kuti mlongo wake sanabwezepo mlendo ali moyo, ndipo akakwiya adzakwiyira iyeyo amene wadula luzi. Anadula ndithu. M'katimo munali fungo la phulusa lozizira, mafuwa atatu ali pamalo pake, ndi kamtsuko kosweka kukamwa. Ndinayang'ana kudenga, sindinaone kuwala kulikonse kolowa.

Ndinamasula timakobiri tanga tija koma anakana. Anati lendi yake ndi yoti ndilime munda wa malemuwo umene unalibe woulima, ndipo mowa ukadzayamba kuphikidwa tidzatuluke, kaya tachira kaya ayi. Ndinadziwa bwino kuti chimanga cha m'mundamo chikathera mu mowa womwewo. Ndinangoti ine yanga ndi khasu, zinazo Mulungu aona yekha. Tsiku lomwelo ndinasesa, ndinazira pansi, ndinagwada pakati pa nyumbayo n'kupemphera mokweza kuti mantha anga amve nawo, kenako ndinakoleza moto.

Loweruka aSakala anabwereka njinga, tinawakweza aMwale, iye akukankha ine nditawagwira kumsana. Nditawauza kuti nyumbayo ndi yotani anangoti bola ili ndi denga. Lamulungu masana mvula inagwa yamphamvu, yoyamba ya chaka chimenecho, ndipo m'nyumbamo simunadonthe ngakhale pamodzi.

Sindinena kuti mantha anatha tsiku limodzi. Masabata oyamba khoswe akangothamanga padenga ndinkadzidzimuka. AMwale akakhosomola kwambiri ndinkaona amayi a m'mudzimo akusuzumira m'makonde mwawo, ngati akuti tinanena. Koma Lachiwiri ndi Lachisanu sitinaphonyepo, kaya dambo lasefukira kaya ayi. Poyamba ankapumira katatu panjira atatsamira ndodo. Chimanga chitayamba kumasula ankapumira kamodzi. Pofika nthawi ya mondokwa ankandisiya kumunda n'kupita okha, pobwera n'kudzera kudziwe kukathandiza aSakala kuonjola nsomba m'miono. Ana a malemu aja, amene poyamba sankandiyankha moni, anayamba kutipatsa maungu. Ndinapitanso kwa mkulu wa mpingo uja ndi kankhuku kukapepesa, ndipo anandikhululukira msanga kuposa mmene ine ndikanachitira.

Titakolola, adokotala anawapima n'kunena kuti angathe kubwerera kwawo ndi mankhwala akumwa okha. Mlungu womwewo amayi a m'mudzimo anayamba kuviika chimera, ndipo tinadziwa kuti nthawi yathu yakwana. Za mowa ndi za gule ife sitinakhale nawo, ndipo palibe anatikakamiza. Koma kugwetsa nyumba ndi ntchito ya adzukulu, anthu oti si abale a malemu, ndiye aMwale anapempha kuti athandize nawo. Ndisanawaletse n'komwe anali atakwera kale padenga, akumasula udzu n'kumauponya pansi. Mwaye ndi fumbi zinali kobo. Ndinawakalipira kuti atsike, chifuwa chingayambirenso, koma anangondiseka ali pamwamba pomwepo, akuda bii ndi mwaye, osakhosomola ngakhale kamodzi. ASakala anaima pambali panga akuyang'ana.

"Nyumba iyi yatulutsa anthu awiri," anatero. "Mlongo wanga tinachita kumunyamula. Awa atulukira padenga."

Ndinalira pamaso pa anthu onse, ndipo sindinachite nazo manyazi. AMwale anakhala ndi moyo mpaka kuona zidzukulu zawo zikukwatiwa.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero laukali la mayi wamkamwa ngati ine. Ndikuthokozanso aSakala, amene anagona kale, amene sanalowepo m'tchalitchi koma anandichitira zimene ine sindikudziwa ngati ndikanamuchitira. Inu amene mukuyenda lero khomo ndi khomo, masiku akukutherani, musabwerere panjira. Pempherani mmene mtima ulili, ngakhale mokwiya, Iye amamva ndithu. Koma yankho likabwera musalikane chifukwa cha amene walibweretsa, kapena chifukwa choti likukuopsani. Ine langa ndinatsala pang'ono kulikana, ndipo ndikanatero amuna anga ndikanakawaika m'manda mvula yomweyo. Ambuye akhale nanu nonse. Ameni.