Ine Ndinkangolawa

Abale ndi alongo, zaka zonse zimene ndinkaphika kachasu kwa Kandeu, munthu akanditchula chidakwa ndinkamulalatira. Chidakwa ine? Ine ndinkangolawa.

Mwambo wake mukuudziwa. Wophika amayamba wamwa yekha, kuti ogula aone kuti mulibe mankhwala. Ndiye kapu yoyamba inali yanga. Mutu wa kachasu ukayamba kudontha, ndilawe. Ogula akabwera khumi, ndilawe kakhumi. Lamulungu n'kudzakhala pabenchi ya amayi apa, kumanyoza amuna a anzanga kuti ndi oledzera.

Tsiku lina m'mimba munandipota, ululu wake mpaka kumsana. Kuchipatala ananditenga magazi. Adokotala anandionetsa kabotolo: pansi pofiira, pamwamba poyera ngati mkaka.

"Mayi, awa ndi mafuta. Mumamwa mowa?"

Ndinapsa mtima. Ine woonda ngati bango, nyama kuiona pa Khirisimasi basi, mafuta ndawatenga kuti? Iwo anati chiwindi chikamalimbana ndi mowa zaka zambiri, chimapanga mafuta ochuluka n'kumawathira m'magazi. Mafutawo ndi amene anatupitsa kapamba wanga, ndipo ena amatseka mitsempha ya kumtima. Sayang'ana kuti munthu ndi wonenepa kapena ayi.

Ndinagona m'chipatala masabata awiri. Mwa onse amene ndinkawalawira aja, anabwera bambo mmodzi yekha, chimanjamanja.

"Musadandaule mayi," anatero. "Esinati akutilawira bwinobwino."

Esinati! Mwana wanga wa Folomu 2! Azibambo aimvi, a ana awo, kumupatsa kapu mwana wasukulu, mayi ake ali gone! Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwatukwane. Koma Mzimu anandifunsa mumtima: kagwiridwe ka kapu anakaonera kwa ndani?

Ndinalira. Ndinalapa pabedi pomwepo.

Nditatuluka, ndisanalowe n'komwe m'nyumba, ndinatenga khasu n'kuboola mgolo wophikira uja. Ogula anati ndapenga. Apenge okha! Lero ndimagulitsa kachewere ndi tomato. Malangizo a kuchipatala ndikutsatira, ndipo atandiyezanso anati mafuta atsika. Esinati ndi uyo, mzere wachiwiri m'kwaya.

Yesu alemekezeke, anawombola anthu awiri tsiku limodzi.

Inu mayi amene mukuti mumangolawa, kayezetseni magazi, ndipo bwerani kutsogolo kuno tipemphere. Kapu ili m'manja mwanuyo, pali mwana akuiyang'ana.