Ankhoswe a Maungu

Pa siteji ya Namadzi, mayi wina anakhala pafupi ndi bambo amene anali ndi mng'oma watsopano pamiyendo, onse akudikira minibasi ya ku Zomba.

"Muli njuchi mmenemo, bambo?" anafunsa mayiyo uku akusendera kutali.

"Mulibe, mayi, eni ake sanalowemo. Ulendo wa kuti?"

"Kwa asing'anga. Maungu anga chaka chino angochita maluwa mbwee, koma timaungu tikumafota tikadali ngati dzira. Ndi alamu anga basi. Sitilankhulana chiyambire Januwale."

"Kumundako njuchi mumaziona?"

"Zinali m'mphako ya mtengo wa mango. Amuna anga anazitentha zitaluma mbuzi."

Bamboyo anaseka mpaka kutsitsa mng'oma pansi. "Ndiye munathamangitsa ankhoswe! Dzungu lili ndi duwa lalimuna ndi lalikazi. Njuchi ikamafuna timadzi totsekemera, imanyamula mungu uku n'kukasiya uko. Popanda iyo, ukwati palibe."

"Ukwati wa maungu? Musandinamize, ndine munthu wamkulu ine."

"Mawa m'mamawa mukathyole duwa lopanda kadzungu kunsi kwake, mukalikhudzitse m'kati mwa lomwe lili nako. Pakatha sabata mudzaona kakukula."

"Mayo ine! Ndiye alamu anga ndawada chabe? Chonsecho mbewuyo anandipatsa ndi iwowo!"

"Minibasi ija yafika, mayi."

"Kwerani nokha, ine ndikubwerera. Ndikayambira kwa alamu kukapepesa. Koma aja otentha njuchi, mawa akalawirira kumunda kukakwatitsa maungu, duwa limodzilimodzi mpaka munda wonse uthe."