Ndinachitira nsanje bondo la mkazi wanga

Abusa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, ndakupatsani moni m'dzina la Ambuye. Mundilole nditsamire tebuloli. Ndikufuna kuchitira umboni, ngakhale ndi umboni wochititsa manyazi.

Ambiri mukudziwa kuti ine ndi amake Yohane tonse tinkadwala mawondo. Tinkabwera kuno pang'onopang'ono, kupuma pa mtengo uliwonse, uku tikusekana. Chaka chatha mwana wathu Yohane, amene amagwira ntchito ku Joni, anati timutumizire zithunzi za mawondo athu zakuchipatala. Kenako anaimba foni: "Amayi akonzeke, abwere kuno." Amayi okha, abale. Ine amene ndinaimirira pa bolodi ndikuphunzitsa zaka zonse zija kuti iye aphunzire, sanandiitane.

Kumeneko madokotala anatenga mafuta a m'fupa la m'chiuno mwa amake Yohane, n'kupatulamo timaselo timene amati timathandiza kukonza pamene pawonongeka, n'kuwabaya nato m'bondo. Anawauza kuti ena zimawathandiza, ena ayi, ndiponso kuti asanyamule zolemera kufikira bondolo litalimba.

Amake Yohane anabwerako. Patapita milungu anayamba kuyenda bwino. Inu munkaimba nthungululu, ine mumtima muli moto. Pobwera kutchalitchi ankandisiya m'mbuyo mosadziwa, n'kuima kundidikira. Kundidikirako n'kumene kunkandipweteka koposa! Ndinkati, "Pitani, inu a mawondo a ku Joni." Akandipatsa madzi osamba, ndinkaona ngati akundionetsera mayendedwe. Mukuseka? Musaseke, nsanje ndi matenda.

Tsiku lina tinapita kumunda kwathu ku Madzimoyo kukatenga nshawa, ndiye kuti mtedza. Ndinkadziwa bwino lomwe zimene dokotala ananena. Koma ndinati, "Inu ochira, senzani thumbali mpaka kumsewu." Anandiyang'ana, anasenza. Pofika kunyumba bondo linali litatupa ngati dzungu. Ndipo ine, mkulu wa mpingo, mumtima ndinakondwa. Ndinakondwa, abale! Ndinati tsopano tafanananso.

Mawa lake ndinawapeza akulikulunga ndi nsalu yonyowa. Anati, "Atate ake Yohane, khalani pansi. Mwana anafuna kuyamba ndi inu. Inenso ndinamuuza kuti atenge inu. Koma madokotala ataona zithunzi anati bondo lanu kamnofu kolimba ka pakati pa mafupa kanatheratu, jakisoni ameneyu sangakuthandizeni. Langa kanangong'ambika. Tinaopa kukuuzani kuti mungataye mtima."

Ndinafunsa, "Nanga thumba lija munasenzeranji?"

Anati, "Ndinaona kuti kuchira kwanga kukukupwetekani."

Abale, ine kugwada sindingathe, koma tsiku limenelo ndinagwa pansi. Ndinalira ngati mwana. Ndinapepesa kwa iwo, ndinapepesa kwa Mulungu, ndinamuimbira Yohane n'kumuuza zonse. Masabata atatu ndinawatungira madzi ndi kuwaphikira ndekha, ndikupemphera kuti ndisakhale nditawononga chimene Mulungu anakonza. Kutupa kunaphwa. Dokotala wa kuno ku Chipata anati bondo silinawonongeke.

Langa likupwetekabe, sindikunamizani. Akuti lifunika opaleshoni, ndipo sindikudziwa kuti idzachitika liti. Koma lero ndikawaona akuyenda, mtima wanga uli mbee. Zikomo Yesu pondichotsa chinthu chija.

Amake Yohane, imirirani akuoneni. Amayi a chigwirizano, yambitsani nyimbo, muwatenge avine pakati panu. Ine ndiomba m'manja ndili pompano. Kondwerani nane, abale! Aleluya!