Ndinapulumukira pansi pa jeneza

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ine ndine woimba wa ku Chimwankhunda, ndipo ndikufuna mumve za miyezi imene ndinkasakidwa ngati galu wachiwewe chifukwa cha nyimbo imodzi.

Nyimboyo inkafunsa amene anawombera ana athu pa zionetsero. Mawayilesi anaikana. Kenako galimoto yoyera yopanda nambala inayamba kuima pafupi ndi nyumba yanga, amuna awiri ali m'kati, osatsika. Mnzanga woimba ng'oma, Lameki, anamutenga Lachiwiri, n'kubwera Loweruka zala zitathyoledwa. Ine ndine wamtima wapachala, sindibisa. Ndinatola mwala kuti ndikaswe galasi la galimotoyo, mkazi wanga n'kundigwira malaya akulira. Kupemphera ndinasiya. Ndinkangomukalipira Mulungu kuti, "Mwagona kodi?"

Tsiku lina masana ndili ku Limbe, ndinaona amuna aja atatsika, akunditsata wapansi. Ndinangoti, "Yesu, zala zanga."

Pomwepo kutsogolo kunatulukira maliro a Chisilamu, amuna akuyenda mwandawala ndi jeneza, bokosi lawo lonyamulira mtembo, akulandirana pamapewa monga amachitira. Wina anandikoka dzanja. Anali Che Saidi, dalaivala wa minibasi, neba wanga amene ndinawatukwana pa nkhani ya mpanda mpaka tinasiya kupatsana moni. Anavula kofia yawo n'kundiveka kumutu.

"Lowani apa, achimwene, nyamulani. Musacheuke!"

Ine Mkhristu wobatizidwa ndinasenza mtembo wa Msilamu amene ngakhale dzina lake sindinkalidziwa. Amuna aja anaima m'mbali mwa msewu, zipewa zili m'manja, kupereka ulemu kwa maliro ngati wina aliyense. Ndinawadutsa pafupi moti ndinamva fungo la fodya wawo. Sanandizindikire.

Titachoka kumanda, Che Saidi ananditengera kwa loya wina amene amamudziwa. Loyayo anandiperekeza kupolisi atolankhani akujambula, n'kufunsa mlandu wanga. Panalibe woutchula. Galimoto ija sinabwerenso.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanasunge mawu anga amwano. Zala zanga zilipo zonse khumi, ndipo ndikuimbabe. Inu amene mukuzunzika chifukwa chonena zoona, limbani mtima, musaleke kupemphera ngati mmene ndinalekera ine. Komanso musamusankhire Mulungu munthu woti atume.

Kofia ija ndinakabweza ndekha. Moni amene ndinawamana Che Saidi chaka chathunthu ndinakawapatsa nditagwada.