Chihema cha Tijani Pamaso pa Setilaiti

Kwa zaka zisanu ndi chimodzi Tijani ankalondera mpanda wa zitsamba wa anthu ofufuza kuseri kwa Douz, tauni ya m'chipululu, malo amene pa zithunzi za setilaiti ankaoneka ngati kachigamba kakuda pamchenga woyera. M'mawa umenewo, kutatsala ola limodzi kuti setilaitiyo idutse, anapeza chipata chili pululu, ngodya ya kum'mawa itadyedwa psiti, ndipo mlamu wake Mosbah akubwera monyadira atavala mkanjo woyera wa pa Lachisanu.

"Alamu! Mbuzi zanu zandichotsa ntchito!"

"Munati zisadumphe mpanda," anatero Mosbah modekha. "Sizinadumphe. Ndinazitsegulira."

Tijani anagwira nduwira yake ndi manja awiri. "Nanga mkanjowo ngwa chiyani?"

"Si munati lero kuli kujambula? Ndachepetsako ndi ndevu zomwe."

"Setilaiti sijambula anthu! Imajambula kuda ndi kutentha. Mayi Zohra, abwana anga, anandiphunzitsa bwinobwino. Mchenga woyera umabweza dzuwa kumwamba. Pamene pali zitsamba pamada, pamamwa dzuwa, pamatentha. Apa pakangotuluka poyera, adziwa kuti mlonda anagona."

"Ndiye tiwaimbire, tiwauze."

"Ine? Zaka zonsezi ngakhale ngamila sinanunkhizepo pano, lero ndikaulule za mbuzi? Ndakana! Ndipo chokani apo, mkanjo wanuwo ukuyeretsa chithunzi."

Mosbah anauvula, n'kuupinda bwinobwino.

"Aa! Valani msanga! Mimbayo ikuwala kuposa mkanjo!"

"Ndivale kapena ndivule?"

"Ganizani, bambo inu! Pakufunika chinthu chakuda, chachikulu."

Mosbah anayang'ana uku ndi uku. "Chihema chanu chija nchakuda. Ubweya wa mbuzi weniweni."

"M'menemo muli achemwali anu, akukanda mkate."

"Simunati chopanda munthu."

Tijani anayang'ana dzuwa, kenako wotchi. "Zulani zikhomo."

Anathamanga nacho chihemacho ngati akuba, mayi Mbarka, mkazi wa Tijani, atatsala pamtetete ndi ufa m'manja, akutchula maina a makolo a onse awiri. Anachiyala pamchenga, koma chinangokwana theka.

"Mabulangete!" anakuwa Tijani. "Akuda okhaokha! Kabwerekeninso chihema kwa anansi athu a Belgacem!"

"Ndikati ncha chiyani?"

"Mukati kuli ukwati."

"Wa yani?"

"Wanu!"

"Ee! Mkazi wanga akudziwa?"

"Thamangani!"

Mosbah anabwerera ndi chihema pamutu, mbaula ya makala m'manja, ketulo ili pamwamba.

"Icho nchiyaninso?"

"Munati kuda ndi kutentha. Kuda nkumeneko, kutentha nkuno."

"Mutentha chihema cha eni ake!"

"Ndiye ndizimitse?"

Tijani anaganiza pang'ono. "Iyayi. Ikani pakati. Kupizani."

Kunatsala kamalo kamodzi koyera, kotalika ngati munthu. Tijani anadzikuta chofunda chakuda n'kugonapo chafufumimba. Mosbah anagona pambali pake chagada.

"Ndimwetulire?"

"Tsekani pakamwa, mano amawala!"

"Yadutsa?"

"Sioneka."

"Ndiye timvere kulira kwake."

"Simveka."

"Sioneka, simveka, koma mukuiopa kuposa apongozi. Alamu, mchengawu ukundiwotcha."

"Zabwino zimenezo. Psani mwakachetechete."

Chakumadzulo, ali pamthunzi wa galimoto yakufa chifukwa mayi Mbarka anawakaniza madzi ndi chakudya chomwe, foni ya Tijani inalira. Anali mayi Zohra. Anaimirira, n'kuigwira ndi manja awiri. Ankangoti, "Inde mayi... Zikomo mayi... Ndi khama basi, mayi." Kenako anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Akuchotsani?" anafunsa Mosbah.

"Akondwa. Akuti ngodya ya kum'mawa sinadepo chonchi, sinatenthepo chonchi chiyambire."

"Mulungu ndi wamkulu! Gwirani dzanja!"

"Akubwera mawa m'mawa ndi alendo asanu ndi atatu ochokera ku Tunis, adzaone zitsamba zodabwitsazo ndi maso awo." Mawu ake anatuluka ngati a mwana. "Alamu, inu muli ndi nzeru. Ndiuzeni chochita, ndichita."

Mosbah anapukusa mutu, akudabwa kuti munthu wamkulu angavutike ndi zazing'ono chonchi.

"Afuna zitsamba zawo? Zilipo zonse, palibe chatayika. Nolani mpeni, tiwaphere mbuzi ziwiri, adzazione okha m'katimo."