Chitani Ngati Ine Palibepo

Dokotala wachizungu anatuma Cornelius, wothandiza pachipatala, ku Nkhulambe kukaona ndi kumva mmene anthu amakhalira kuti adziwe gwero la malungo obwerezabwereza. Akabwerako chimanjamanja, ntchito yake idzakhala yotsuka mabeseni. Anafika kwa mayi Edina atavala kabudula wositidwa, kudzimva kuli tho.

"Takulandirani, bambo. Dikirani ndikutengereni mpando."

"Ayi!" anatero Cornelius, nadzigwetsa pamphasa yakale imene inali pakhonde. "Lamulo la kafukufuku ndi lakuti musasinthe kanthu. Chitani ngati ine palibepo."

"Koma mphasayo..."

"Ndati palibepo!"

Mayi Edina anagwedeza mutu, nayamba kupeta nandolo.

"Tsopano tandiuzani momasuka, malungo akakugwirani mumamva bwanji?"

Mayi Edina anangopitiriza kupeta.

"Mayi! Ndikufunsatu!"

Mayi Edina anatembenukira mbuzi imene inali pachingwe. "Iwe Nachisale, mphepo ya m'phirimu yayamba kulankhula masiku ano."

"Ndine munthu, si mphepo!"

"Ikuti ndi munthu. Mphepo yopaka mafuta m'mutu, yophunzira kumishoni."

"Muyankhe mafunso, koma muzichita ngati palibepo. Chovuta n'chiyani?" Anadzikanda pantchafu.

"Wamva, Nachisale? Ndiyankhe munthu amene palibepo. Amene anachitapo zimenezo kuno anamumanga zingwe."

"Ndi njira ya akatswiri a ku Ulaya imeneyi!"

"Eya, n'chifukwa chake kwawoko sadwala. Palibepo onse."

Cornelius anakanda ntchafu inayo, kenako msana. Thukuta kamukamu.

"Mayi, chonde. Ndikapanda kupeza kanthu, ndikatsuka mabeseni mpaka imvi."

"Nachisale, mphepo ikulira. Chisoni chandigwira, koma lamulo ndi lamulo."

"Chabwino! Ndilipo! Ndabwera, ndafika, ndakhala pansi!"

Mayi Edina anaika lichero pansi, nawomba m'manja mwaulemu.

"Aa, takulandirani, bambo! Mwayenda bwanji? Tadzukani msanga pamphasapo."

"Chifukwa?"

"Ndimati ndiitenthe lero. Ndi yogonapo alendo, yadzaza nkhufi, tizilombo toyamwa magazi tija."

Cornelius analumpha ngati waponda khala. Nkhufi ankazidziwa bwino, anaziwerenga m'buku, ndi malungo ake omwe.

"Mayo ine! Ndiye gwero lake limeneli! Bwanji osanena?"

"Ndikanauza ndani?" anatero mayi Edina, akutola lichero lawo. "Koma musadandaule za mabeseni. Yankho la adokotala mwalinyamula m'kabudulamo."